Pansi pa Madzi Sindiyang'ana

Aulutsi athu, ndiwerengereniko nkhaniyi, koma dzina langa musatchule. Ndimakhala kunyanja ku Chembe, ndipo ntchito yanga ndi yoperekeza alendo ongophunzira kupalasa timabwato tapulasitiki totchedwa kayaki. Ndimawauza kuti, "Musaope, madzi awa ndi ofatsa." Koma ineyo pansi sindiyang'ana.

Achimwene anga anali msodzi. Mwera unagubuduza bwato lawo pafupi ndi chilumba chomwe ndimapitako ndi alendocho, ndipo thupi silinapezeke. Kumanda tinakaika thunthu la nthochi.

Tsiku lina kayaki ya mlendo wina wachizimayi inatembenuka pamalo omwewo. Ndinadumphira, ndipo m'madzimo ndinatsegula maso. Pamwala panali chidutswa cha ukonde wakale, chikugwedezeka ngati dzanja londikodola. Mlendoyo ndinamuvuula akuseka.

Nditafika kunyumba, amayi anga atangoona nkhope yanga anasiya kusesa.

"Mwananga, wamuona mkulu wako?"

"Ayi amayi, ndi ukonde chabe."

"Mawa ukayang'anenso bwinobwino."

Anzanga omvera, ngati muli ndi manda enieni okalirapo, thokozani. Ine manda a achimwene ndimapalasa pamwamba pake m'mawa uliwonse, kwinaku ndikumwetulira alendo.