Khoswe wa m'Kantini Akupita ku Bodi

Tsiku limene bodi yoyang'anira masukulu a chata inaitana makolo kuti imve ngati sukulu yathu ipatsidwenso chilolezo kapena itsekedwe, ine Pempho ndinali pampando wakumbuyo m'galimoto, mahedifoni kukhutu koma osayatsa nyimbo, chifukwa nkhani za akuluakulu zimakoma akamaganiza kuti sukumva. Adadi anali pachiwongolero, titangowatenga amami kuntchito ku Bethesda, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira, ndipo ine mtima unali m'mwamba poti ndinali nditawamva amami akuuza anti Christobel, achemwali awo a ku Lanham, pafoni kuti sukuluyi ikatsekedwa, Pempho akupita kwa masisitere ku Dedza, kusukulu yogonera komweko, kumene foni amalanda pageti.

"Bambo a Pempho, tamverani mmene ndikayambire," anatero amami akukonza duku pakagalasi. "Ndisanalankhule, ndipereke ulemu kwa wapampando, wachiwiri kwa wapampando, mlembi, msungichuma, atsogoleri a mipingo..."

"Kulibe atsogoleri a mipingo," anatero adadi.

"Mwina abwera."

"Sanaitanidwe. Komanso munthu amapatsidwa kanthawi kochepa. Pali kagetsi. Kakafiira, amathimitsa maikolofoni."

"Kundithimitsa ine? Ndisanamalize moni?"

"Makinawo sadziwa moni."

"Ndiye ndikangoyamba ngati ndikuitana nkhuku? Iyayi. Ulemu kaye. Ndigwadeko pang'ono, kenako..."

"Maikolofoni yake ndi yoimirira. Mukagwada simumveka."

"Ndifuula. Ndikatha ulemu, ndilowe m'mavuto."

Adadi anaponda buleki ngakhale kutsogolo kunalibe kanthu.

"Mavuto ati?"

"A sukulu! Nanga kwa akuluakulu munthu amapitira chiyani? Kukaseka? Ine ndakhalapo wapampando wa komiti ya sukulu ku Ntcheu, musaiwale. Atabwera a zamaphunziro ndi alendo awo, ndinaimirira n'kulira: ana akukhala pafumbi, denga likudontha, chimbudzi chagwa. Mvula isanayambe malata anafika. Ndi mjigo womwe!"

"Awa sagawa malata."

"Amagawa chiyani?"

"Sagawa kanthu. Amaunika. Sukulu ya chata ndalama zake ndi za boma koma amayendetsa ndi anthu ena, ndiye bodi imaona ngati akuyendetsa bwino. Ikapeza zabwino, chilolezo. Ikapeza mavuto, loko."

"Aaa, inunso! Munthu amve mavuto n'kutseka? Amanena dala zimenezo kuti tisapemphe zambiri."

"Ahedi anapempha makolo kuti tikanene zabwino za sukulu."

"Ahedi aja ndi mwana. Ukanena zabwino, thandizo limapita kwa amene alira bwino. Mundisiye ine, ntchito iyi ndimaidziwa."

Adadi anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Vuto loyamba?"

"Khoswe wa m'kantini. Wamkulu ngati mphaka."

"Mphaka wamkulu bwanji?"

"Mphaka basi!"

"Amphaka amasiyana. Munamuona khosweyo?"

"Pempho anandiuza."

Ine ndinayamba kugwedeza mutu ngati nyimbo yafika pokoma. Khosweyo anamuona ndi Jackie, mnzanga wa pamtima, ndipo iye anati kanali kakang'ono ngati chala, mwinanso sikanali kakhoswe n'komwe. Koma inu, nkhani ya chala ungaifotokoze patebulo anthu n'kusiya kutafuna? Ndinangomudyetsako pang'ono panjira yobwerera kunyumba.

"Lachiwiri," anapitiriza amami, "a Goodwin a masamu amagona m'kalasi mpaka kuliza mkonono."

"Kangati?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Loweruka ndi Lamulungu kulibe sukulu."

"Ndiye amagonera kwawo! Iii, bambo inu!"

"Wakuuzani ndani?"

"Pempho."

"Pempho nthawi ya masamu amakhala maso?"

"Musasokoneze nkhani. Lachitatu ndi lochititsa manyazi, ndikalinena motsitsa mawu. Mphunzitsi wa sayansi ndi mayi wa zamasewera uja amafika m'galimoto imodzi. M'mawa! Pamaso pa ana!"

"Ndi banja. Tinawaona tsiku la makolo atanyamula mwana wawo."

"Pempho sananene zimenezo."

"Pempho sanena mbali imene imathetsa nkhani."

Ndinatsala pang'ono kuyankha, koma ndinakumbukira kuti ndine wogontha.

Pamenepo n'kuti tili pamzere wa galimoto mumsewu wa Wisconsin. Adadi ananunkhiza uku ndi uku.

"Mandasi akununkhira kuti?"

"Ali m'beseni kumbuyoko. Ndawavundikira ndi chitenje."

"Ndi a ndani?"

"A akuluakulu a bodi. Tipite kwa akuluakulu chimanjamanja?"

"Mayi a Pempho, kuno zimenezo ndi ziphuphu."

"Mandasi?"

"Lamulo limati osapereka mphatso kwa woweruza nkhani yako. Silinati kupatula mandasi."

"Ndiye andimange chifukwa cha ufa ndi shuga?"

"Zomanga sindikudziwa. Koma zonse za pamsonkhano amajambula, zimaoneka pa intaneti. Dziko lonse liona kuti kholo lina linabwera ndi beseni."

"Aone. Aonenso kuti ndi ofewa."

Ndinabwezera mwakachetechete pansi pa chitenje ndasi limene ndinali nditaluma. Linali lachitatu, koma loyamba ndi lachiwiri linali lisanadziwike kuti ndi ziphuphu.

"Ndikamaliza kulira," anatero amami, "ndimuimiritsa Pempho kutsogolo, aone okha mmene mwana waondera ndi chakudya cha m'kantini."

Adadi anandiyang'ana pagalasi. Anandiyang'ananso.

"Pempho sanaonde."

"Wavala juzi lalikulu. Aoneka woonda."

"Juzilo linali langa. Likumuthina."

"Ndiye ndinena kuti watupa ndi njala!"

"Bodi siyeza matupi. Imayang'ana ngati ana akufika kusukulu, ndi mmene akukhozera mayeso."

"Eya! Mwandikumbutsa. Ndikawauza malikisi a Pempho a masamu. Pamenepo ndiye alira okha, atitumizira aphunzitsi ena awiri."

"Mukatchula malikisi a Pempho atseka lero lomwe, osadikira kuvota."

Anthuni, pali nyimbo zina zimapweteka ngakhale sunayatse.

"Inu mumaopa zilizonse," anatero amami akuwomba m'manja. "Galimoto mukuyendetsa ngati mwanyamula mazira, njinga zikutipitirira. Boma lotseka sukulu chifukwa kholo ladandaula munaliona kuti?"

"Konkuno."

"Munditchulire imodzi."

"Ya ana a Chileshe, a ku Zambia aja timapemphera nawo."

"Aja anasamutsa ana chifukwa cha mtunda."

"Mtunda unabwera sukulu itatsekedwa. Makolo anapita ku bodi n'kukhuthula zonse: mayeso sakuyenda, aphunzitsi akuthawa. Bodi inafufuza, inapeza kuti n'zoona."

"N'kuwapatsa chiyani?"

"Tsiku lotsekera."

"Ngakhale choko osawapatsa?"

"Kuno salembera choko."

"Bambo a Pempho, ndikufunsa zenizeni!"

"Inenso ndikuyankha zenizeni. Panali sukulu paja pano pali malo osambitsira agalu. Ana a Chileshe wina akuphunzira uku, wina uko, mayi wawo amakwera mabasi awiri kuwaperekeza."

Ndinasuntha hedifoni imodzi kuti ndimvetsetse bwino.

"Ndiye kuti... kulira konse kuja ndayeserera sabata yonse kubafa kuntchito..."

"Kukanatseka sukulu."

"Mayo ine. Ndimati ndikumuthandiza mwana." Anagwira pachifuwa, kenako anadzuka pampando ngati walumidwa. "Chabwino! Tatembenuza. Tamverani. Akuluakulu, sukulu ngati imeneyi sinaonekepo chilengedwere dziko."

"Simunaone masukulu onse."

"Khoswe kulibe. Ngakhale nyerere imapempha chilolezo pageti."

"Khoswe munati alipo."

"Wasamuka! Aphunzitsi ake sagona, usana ndi usiku ali maso."

"Limenelo ndi bodza. Munthu osagona amafa."

"Mwana wanga Pempho ndi woyamba m'kalasi."

"Kuwerenga kuchokera mbali iti?"

"Sindinena mbali!"

"Akafunsa?"

"Kagetsi kadzakhala katafiira!"

"Ali ndi zotsatira zonse pakompyuta. Adzangodina."

Amami anavula duku n'kuliponya pamiyendo.

"Nanga ndikanene chiyani, bambo inu? Mavuto ayi. Zabwino ayi. Mandasi ayi. Kugwada ayi. Ndikangoimirira ngati mtengo wa magetsi?"

"Mukanene zoona."

"Zoona zake ziti?"

"Zimene mwaona ndi maso anu. Osati za Pempho."

"Ndikachotsa za Pempho sipatsala kanthu!"

"Ganizani."

Amami anayang'ana pawindo. Atayambanso kulankhula, mawu anali atatsika.

"Chimene ndaona ine n'chakuti titangofika kuno mwanayu ankalira m'mawa uliwonse. Chizungu chawo chothamangachi osachimva, anzake kumuseka katchulidwe. Ndinkachita kumukoka pabedi ngati thumba la chimanga. A Goodwin omwewo, ogonawo, ankatsala naye ena ataweruka mpaka anayamba kutsegula pakamwa."

"Ndipo sanatsekenso," anatero adadi.

"Pano amadzuka yekha. Amathamangira basi. Akudziwa aliyense, kuyambira ahedi mpaka wokolopa, ndi mavuto a m'mabanja mwawo omwe."

"Zimenezo ndiye zoona. Mukanene zomwezo. Za mabanjazo musiye."

"Popanda moni?"

"Moni mmodzi. Wa onse pamodzi."

"Ngati wa m'minibasi."

"Ngati wa m'minibasi."

Ine kumbuyo m'maso munayamba kuyabwa. Ndikuganiza kuti ndi shuga wa mandasi. Mumtima ndinati zatheka, Dedza wandiphonya, Jackie sindimusiya, ndipo adadi anga ndi munthu wa chilungamo amene Mulungu anandipatsa.

"Mwandithandiza, bambo a Pempho," anatero amami akumanganso duku. "Ndikanadzipweteka ndekha. Ine sindikufuna n'komwe kumutumiza ku Dedza mwanayu."

"Ku Dedza kukatani?"

"Kwa masisitere. Sindinakuuzeni? Ndinagwirizana ndi achemwali anga kuti sukuluyi ikatsekedwa, za mabasi awiri ine ayi. Apite kogonera komweko."

Adadi anakhotera pamalo oimika galimoto pafupi ndi ofesi ya bodi. Anaimika bwinobwino pakati pa mizere, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuimikanso.

"Kogonera komweko," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye kuti sagona kunyumba?"

"Ndi ku Dedza, bambo. Azichita kukwera ndege madzulo alionse?"

"Azibwera liti?"

"Pa holide yaikulu basi."

"Koma aziimba foni."

"Amalanda pageti. Masisitere aja sasewera."

"Ndiye nkhani za Jackie tizizimva bwanji?"

"Sitizimva."

"Za chibwenzi cha mchemwali wake wa Jackie?"

"Ayi."

"Za amene wasiya kulankhula ndi amene, chifukwa cha zimene ananena amene?"

"Zonsezo zii."

"Patebulo madzulo?"

"Awiriwiri. Kumangomva masupuni."

"Mpira pa TV... ndizionera mpaka kutha? Ndi mawu omwe?"

"Nanga akusokonezani ndani? Koma musadandaule, sizichitika. Ndikanena zabwino monga mwandiphunzitsira. Tiyeni, tachedwa."

Amami anatsegula chitseko. Adadi sanasunthe. Anazimitsa injini, manja ali pachiwongolero, maso ali kutali ngati munthu amene waona nyumba ya maloto ake. Kenako munthu uja, amene chibadwire sanawonjezerepo ngakhale mchere pankhani, anawagwira amami pamkono.

"Mayi a Pempho, tadikirani. Khoswe uja."

"Watani?"

"Mphaka wachepa. Mukanene kuti ngati galu."