Musagwedezeke, Sizipweteka

Bwana mkulu wa malo athu ofufuzira, apulofesa amene mwakhala kutsogoloku, akuluakulu a nthambi zonse, mayi a kunyumba pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, komanso anzanga a m'chipinda chapansi amene timaona dzuwa poweruka pokha, moni nonse. Zikumbu zili m'madilowa zija sindizipatsa moni. Zinafa kale, ndipo muno muli munthu mmodzi yekha amene amacheza nazo. Ndi amene tikutsanzikana nawo lerowa.

Alendo amene simundidziwa, ine ndine mayi wa pakompyuta. Akuluwa amaika chikumbu m'makina a ekisireyi. Makinawo amachizunguza pang'onopang'ono n'kumachijambula mbali zonse. Ine ndimalumikiza zithunzizo mpaka tione za m'kati, matumbo, timapaipi ta mpweya, makamaka diso. Takhala moyandikana zaka zambiri moti akafuna kutsokomola ndimadziwiratu.

Dzina lawo lenileni likapezeka ku ofesi ya malipiro. Ife tinaliiwala kalekale. Kuno ndi Bambo Musagwedezeke. Asanabwere kuno ankajambula odwala kuchipatala, ndipo anabwera ndi ulemu wawo wonse. Amatenga chikumbu chouma gwa, chomwe chinafa ife tisanabadwe. Amachimata ndi guluu pakamtengo. Asanatseke chitseko cholemera chija amawerama n'kuchiuza ndi mawu ofatsa, "Musagwedezeke. Sizipweteka. Timaliza posachedwa."

Tsiku lina ndinawafunsa, "Akulu, kodi chilipo chinakuyankhanipo?"

Anati, "Ayi chemwali. Koma palibenso chinadandaulapo."

Achinyamata amene mwawapeza ali katswiri, musaganize kuti anabadwa choncho. Atangoyamba ntchito, apulofesa anawapatsa kachikumbu kobulungira, kochepa ngati njere ya mpiru, kuti ajambule diso lake. Akuluwa anakamata chozondoka. Makina anagwira ntchito m'mawa wonse. Chithunzi chitatuluka, anakwera masitepe akuthamanga, ali wefuwefu.

"Bwana, tapeza chachilendo. Chikumbu cha diso limodzi. Lili pakati penipeni, ndipo likulumikizana ndi matumbo."

Apulofesa anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso. Kenako anati, "Bambo, ngati limenelo ndi diso, ndiye limangoona zimene zatsala m'mbuyo."

Musabise nkhope apulofesa. Munaseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno, ine ndinalipo. Kuyambira tsiku limenelo akuluwa sajambula chikumbu asanatsimikize kuti kumutu ndi kuti.

Mayi, inu ndiye tikupepeseni. Ife tinkawapirira masana okha, inu mwawapirira moyo wonse. Tikudziwa kuti m'firiji ya kwanu, chitini cholembedwa kuti majarini sichitsegulidwa pamaso pa alendo. Tikudziwa kuti musanachape buluku lawo mumayamba mwaligwedeza panja, mutaima patali. Ndipo chithunzi cha ukwati wa mwana wanu wamkaziyu tinachiona. Aliyense waima bwinobwino, akumwetulira. Bambo a mkwatibwi akungooneka nsapato zokha, ali pansi pa tebulo akusaka chikumbu, suti yatsopano ili m'fumbi. Mpaka lero amati chikumbu chimenecho chinali chosowa.

Tsopano ndinene zoona, chifukwa kuseka kokha sikungawakwanire. Kale, munthu akafuna kuona m'kati mwa diso la chikumbu, ankalidula tizidutswatizidutswa. Ukamaliza, chikumbu chatha. Akuluwa anali ndi mawu awo, ndipo ankawanena monyadira: "Kuno sitidula. Timangounika." Anthu osunga tizilombo tosowa anayamba kutibwereka tawo chifukwa cha manja awa. Kachikumbu kankabwera ndi miyendo yonse, n'kubwerera ndi miyendo yonse. Ndi iwowa anandionetsa koyamba kuti diso la chikumbu si limodzi ayi, ndi timaso tambirimbiri toyalana ngati chisa cha njuchi. Ine ndinabwera kuno ndikunyansidwa ndi tizilombo. Lero ndikaona chikumbu chagona chagada mumsewu, ndimaima n'kuchitembenuza. Anandiwononga ndi bambo awa, ndipo ndikuwathokoza.

Koma chaka chathachi panachitika china. M'mawa wina ndinawamva akunena mawu awo aja, akutseka chitseko, getsi lofiira n'kuyaka. Chithunzi chikubwera pakompyuta, ine ndikufufuza mutu, palibe. Miyendo, palibe. Matumbo, palibe. Anzanga, Bambo Musagwedezeke anali atamata njere ya khofi. Anailonjeza kuti sizipweteka.

Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwonso anaseka. Koma kenako ndinawaona akufufuza kachitsulo kawo kopanira tizilombo, akupapasa patebulo, kali patsogolo pawo penipeni. Kuseka kunandithera pomwepo.

Zimene ndinene apazi mayi andiloleza, ndipo kunena zoona andituma. Akuluwa ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ndi chifukwa chake akupuma pantchito, nthawi yawo isanakwane n'komwe. Dokotala wa maso anati ndi opaleshoni yaing'ono, munthu umalowa m'mawa, masana uli kwanu. Akuluwa akhala akuthawa. Ulendo wina makina anafunika kupukutidwa. Ulendo wina kunja kunali mitambo. Ulendo womaliza anafika mpaka pakhomo la chipatala, n'kuuza mayi kuti aiwala kuzimitsa getsi kuntchito. Getsilo limazima lokha. Amene analilumikiza choncho ndi iwo omwe.

Nditawapanikiza anandiuza, "Chemwali, moyo wanga wonse sindinadulepo diso la chikumbu. Ndiye munthu wina akadule langa?"

Yankho la funso limenelo ndalipeza lero.

Pali kachikumbu kena kamene kamazungulirazungulira pamwamba pa madzi. Diso lake lililonse ndi logawika pawiri, mbali ina imaona kumwamba, ina imaona pansi pa madzi. Akuluwa akhala akufuna chithunzi chabwino cha diso limenelo kwa zaka zambiri, koma chinkangotuluka chachimbuuzi. Mwezi wathawu, pa ntchito yawo yomaliza, anayesanso. Anakamata ndi zala zokha, mongopapasa. Anakauza mawu aja. Ndipo chithunzi chinatuluka. Timaso tonse tikuoneka, kalikonse pamalo pake, mitsempha ikutsika bwinobwino mpaka ku ubongo. Sindinaonepo chokongola chotero pakompyuta yanga.

Akuluwa anaima kumbuyo kwanga. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Kenako anandinong'oneza kuti ena asamve, "Chemwali, chaoneka bwanji?"

Zinandipweteka kwambiri. Munthu amene anatiphunzitsa tonse kuona, akufunsa ine kuti ntchito yake yaoneka bwanji. Ndinangoti, "Chili bwino akulu," n'kutuluka panja ngati ndikukayankha foni.

Ndiye mphatso yathu ndi iyi, yokutidwa ndi pepalayi. Ndi chithunzi chomwecho, chachikulu, chili m'felemu. Bwezani manja akulu, si inu mulandire. Mayi, bwerani. Ichi mukachiike pamwamba pa wadilopu, ndipo chisatsegulidwe mpaka tsiku limene dokotala adzachotse bandeji. Musawauze chilichonse. Ana, zidzukulu, aliyense wosuzumira n'kukawafotokozera agogo, adzayankha kwa ine. Ine sindiwauzanso kuti chaoneka bwanji. Akachione okha.

Akulu, dokotala wakusungirani malo sabata yamawa. Mayi apeza kale galimoto, ndipo mkamwini wanu wavomera kukhala mbali ya kuchitseko kuti musathawe. Chatsala ndi mawu anu okha, pamaso pa bwana mkulu ndi anthu onsewa. Akulu, mupita?

Taonani, akuyang'ana kuchitseko. Amene muli kumbuyoko, tsekani.

Akulu, tikudikira. Keke sidulidwa musanayankhe, ndipo zidzukulu zanu zikuiyang'anitsitsa.

Mwati bwanji? Kwezani mawu, amve a kumbuyo.

Mwamva nonse. Ati apita. Bwana mkulu, ndinu mboni. Mayi, musalire, mundiyambitsa ine.

Bambo Musagwedezeke, zikomo. Zikomo chifukwa cha manja anu ofatsa, chifukwa cha ulemu umene munkapatsa ngakhale kanthu kakufa kosatha kukubwezerani. Kapumeni bwino. Mukagone mpaka dzuwa litakwera. Mukaone nkhope za zidzukuluzi bwinobwino, muleke kuzizindikira ndi mawu okha. Firiji muwabwezere mayi. Ndipo mukatisowa, bwerani, mpando wanu wolira uja palibe akuufuna.

Tsopano tiimirire tonse. Sabata yamawayi bambo awa akagona pakabedi kopapatiza, getsi lili kumaso, ndipo sipadzakhala wowauza zimene iwo anauza chikumbu chilichonse chinadutsa m'manja mwawo. Ndiye tiwauziretu ife, anyamule. Anzanga a m'chipinda chapansi mukuwadziwa mawuwo. Weramani pang'ono ngati mmene amachitira eni ake, ndipo tinene limodzi, mofatsa.

Musagwedezeke. Sizipweteka. Timaliza posachedwa.

Tiwaombere m'manja.