Msomali Wopanda Kanthu kwa a Orval

Mayi Marlys Haugen atawagwera mayere a chilolezo chosakira nkhosa ya m'mapiri, chija alenje a kuno ku Montana amachidikira mpaka imvi, amuna awo a Delbert analumbira pamaso pa tawuni yonse kuti mfuti ya malemu apongozi awo aiveka mpope watsopano lisanafike Loweruka lotsegulira ulenje. Koma mpope watsopano sulandira chipolopolo usanasemedwe m'kati, ndipo chitsulo chosemeracho munthu wanzeru sagula, amangobwereka kwa a Orval Stensrud. Ndiye atatopa n'kudikira kuti chosemera chimene anaitanitsa chifike papositi, a Delbert anakankha chitseko cha kasitolo ka a Orval ngati chinawalakwira, atavala jekete la alenje lowala ngati lalanje.

"Orval! Chosemera changa chili kuti?"

"Mwadzuka bwanji, bambo Haugen?"

"Sindinadzuke! Amadzuka ndi amene anagona. Chili kuti?"

A Orval ndi munthu woti ukawafunsa ngati akudziwa njira ya kuchipatala amangoti eya, n'kupitiriza zimene amachita. Anatembenukira kukhoma, kumene chosemera chilichonse chimalendewera m'kachubu kake pamsomali wake, n'kuloza.

"Malo ake ndi apo."

"Pamsomali wopanda kanthupo?"

"Pomwepo."

"Ine ndafunsa chitsulo, osati malo ake!"

"Chitsulo chinatuluka."

"Chibwera liti?"

"Akachibweza."

"Nanga achibweza liti?"

"Chikabwera ndidziwa."

A Delbert anapumira m'mwamba n'kudzikanda kumsana. Msewu wonse panali kanthu kamene kamawabaya m'chiuno, ndipo anali ataweruza kale kuti wolakwa ndi mpando wa galimoto.

"Jekete labwino," anatero a Orval. "Koma ulenje sunatsegulidwe."

"Ndi Marlys ameneyo. Wandiveka mokakamiza, akuti lipitidwe mphepo, lakhalitsa m'kabati chithereni ulenje wa chaka chatha. Musandichotse pankhani! Mumadziwa kuti mkazi wanga wayamba kundiyang'ana bwanji? Ngati galu amene wadya nyama ya alendo. Ine ndimangoti, Marlys, vuto si ine, vuto ndi Orval, munthu wosadalirika chigwa chonse chino."

"Mumatero?"

"M'mawa ndi madzulo! Ndi m'pemphero la chakudya momwe!"

"Ndathokoza pondikumbukira."

"Musathokoze! Anachitenga ndani?"

"Kasitomala."

"Dzina!"

"Maina a makasitomala sinditchula."

"Chabwino, musatchule. Ndi wa konkuno?"

"Wa konkuno."

"Ndimamudziwa?"

A Orval anaganiza kaye, chifukwa bodza saliyamba ndi dala.

"Mumamuona kawirikawiri. Zomudziwa sindingalumbire."

"Ndi Gunderson! Ndinadziwa ine! Uja anabwereka makwerero anga n'kuwabweza atafupika!"

"Si a Gunderson."

"Ndiye ndi m'busa."

"Si abusa."

"Ha! Mukamakana chonchi titsala ndi mmodzi basi. Wakhala nacho nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chikukwana."

"Chaka!" A Delbert anamenya kauntala, timabotolo ta mafuta a mfuti n'kudumpha. "Chitsulo chobwereka sabata imodzi! Ameneyo akusema mfuti kapena akusema ngalande? Inu osamuimbira foni?"

"Ndinamuimbira."

"Anati chiyani?"

"Anandikalipira. Anati anachiponya kupositi ndi dzanja lake."

"Bodza! Onse amatero! Ndipo inu mumangoimbira anthu chisawawa. Ngakhale ine chaka chatha, nditabwereka chosemera chomwechi n'kubweza bwinobwino, munandiimbira ngati ndine mbala."

"Ndinakuimbirani."

"Ine ndinakuuzani chiyani?"

"Munati munachiponya kupositi ndi dzanja lanu."

"Mwaonatu! Kusiyana kwa munthu wolongosoka ndi wakuba n'kumeneko."

 

Tsono a Delbert anali atatenthedwa, ndipo akatenthedwa amasangalala. Anayamba kuyendayenda m'kasitolomo, manja m'mwamba, jekete likuwala ngati moto wa m'tchire. Akatembenuka, maso a a Orval ankawatsata kumsana, kumene jekete la alenje limakhala ndi thumba lalikulu loponyamo mbalame zowombedwa.

"Vuto lanu, Orval, ndinu wofewa. Malonda obwereketsa zitsulo ali ngati chitsime cha mudzi, mmodzi akathawa ndi chingwe tonse tigona ndi ludzu. Pakufunika lamulo pano!"

"Lotani?"

"Munthu wosunga chitsulo chaka chathunthu asadzabwerekenso kanthu muno."

"Mpaka liti?"

"Moyo wake wonse!"

"Moyo wake, kapena wanga?"

"Umene utalike!"

"Nanga akapepesa?"

"Ngakhale agwade!"

"Nanga akati anangoiwala?"

"Kuiwala? Munthu amaiwala chipewa, Orval, saiwala chitsulo cha eni ake. Ameneyo ndi mfiti."

"Nanga akakhala kuti akuchifuna mwachangu, mwina kunyumba zamuvuta?"

"Zimuvute! Akagone m'khola la akavalo! Lumbirani."

"Bambo Haugen, mwina muyambe mwakhala pansi."

"Sindikhala, mipando yonse lero ikundibaya. Kwezani dzanja!"

A Orval anakweza dzanja. Chigwa chonse chimadziwa kuti a Orval akakweza dzanja, nkhaniyo ngakhale bwanamkubwa sangaibweze.

"Ndalumbira."

"Eyaa! Komanso chithunzi chake chikhomedwe pachitseko apo, aliyense wolowa azimuona."

"Chachikulu bwanji?"

"Chooneka uli kutsidya kwa msewu!"

A Orval anatulutsa foni m'thumba la malaya, n'kuipukuta bwinobwino ndi kansalu kopukutira magalasi.

"Tayang'anani kuno."

"Chithunzi changa cha chiyani?"

"Cha lamulo mwakhazikitsali."

Apa a Delbert mtima unawasungunuka. Zaka zonsezi akukonza mfuti za anthu m'galaja, palibe anaganizapo zowapachika pakhoma. Anavula chipewa, kusalaza titsitsi totsala, kukokera mimba m'kati, n'kumwetulira mpaka dzino lagolide kuonekera.

"Chonchi?"

"Chonchi. Tsopano tatembenukani."

"Kumbuyonso?"

"Kuti nkhani ikwane."

"Koma Orval mukafuna mumagwira ntchito, inu!" Anatembenuka, manja m'chiuno. "Mapewa alowa onse? Tandionetsani."

A Orval anawapatsira foni. A Delbert anaiyandikiza kumaso, kenaka kuitalikitsa.

"Aka n'kachiyani katulukira m'thumbamu?"

"Kachubu."

"Kachubu ka chiyani?"

"Sindinakatsegule."

Anyani amasekana zikundu, paja. A Delbert anapinda dzanja kumsana, kufufuza, kuzungulira pamalo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake, mpaka anakagwira. Kanatuluka ndi nthenga ziwiri za chaka chatha. Kanali kokulungidwa bwino, masitampa omata kale, ndipo dzina la a Orval linali lolembedwa ndi dzanja limene a Delbert amadyera. Pomwepo anakumbukira m'mawa uja wa ulenje, pamene anakaponya m'thumba kuti akasiye kupositi podutsa, kenaka mbalame zinauluka m'mbali mwa msewu.



"Orval."

"Bambo Haugen."

"Munakaona liti?"

"Mutangolowa, potseka chitseko."

"Osanena bwanji?"

"Munafunsa dzina. Maina sinditchula."

"Ndinafunsanso kuti chili kuti!"

"Munali musanachibweze, ndiye chinali chotuluka. Za m'matumba a makasitomala sindilowerera."

A Delbert anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwa pagulu n'kumanamizira kuti amafuna kukhala pansi.

"Hehe! Basitu, nkhani yatha bwino! Chitsulo chapezeka! Ndi positi imeneyi, Orval, siidalirika masiku ano. Nachi, landirani."

A Orval analandira ndi manja awiri, kumasula, kuyang'ana mano a chitsulocho pawindo limodzi ndi limodzi, kuchipaka mafuta, n'kukachipachika pamsomali wake.

"Chabwera," analengeza.

"Zikomo. Tsopano ndipatseni."

"Sizitheka."

"Chifukwa?"

"Lamulo."

"Lamulo lake liti?"

"Lanu lija."

"Aaa, Orval! Zija zinali zocheza!"

"Ndinakweza dzanja."

"Tsitsani!"

"Ndatsitsa kale. Lumbiro latsala m'mwamba."

"Chabwino, ndapepesa."

"Munati ngakhale apepese."

"Ndigwade?"

"Munatchulanso zimenezo."

"Ndinangoiwala, mwana wa mayi anga!"

"Munati munthu amaiwala chipewa." A Orval analoza pakauntala. "Icho, musachisiye."

A Delbert anatola chipewa chija n'kuyamba kuchipotokola. Loweruka linali litaima pakhomo. Anaona m'maganizo Marlys akuyang'ana phiri, chilolezo cha moyo wonse chili m'manja, mfuti ya bambo ake ili pabenchi ngati ndodo yopanda ntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo mantha anawagwira enieni.

"Orval, mnzanga, tinakulira limodzi. Marlys wadikira nkhosa imeneyi kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Mukandimana, si ine mukumulanga."

"Ndikumva chisoni," anatero a Orval, ndipo ankanena zoona. "Komabe ngakhale lamulo likanapanda, pali wina patsogolo panu pamzere."

"Wina? Ine ndinaitanitsa mwezi watha!"

"Wokhala nacho kale sakhala pamzere. Uyu waimba lero m'mawa."

"Ndani ameneyo? Ndi Gunderson eti? Ndikamuthyola miyendo!"

"Maina sinditchula."

"Ndimamudziwa?"

"Uyu mumamudziwa. Iyenso amakudziwani kwambiri."

"Anadziwa bwanji kuti chibwera lero, poti ngakhale inu simumadziwa?"

"Anati anachipeza dzulo akutulutsa zovala za ulenje m'kabati. Anati ndisadandaule, chili m'njira, chavala jekete la lalanje."

A Delbert anakhala pansi pabokosi la zipolopolo. Ulendo uno palibe chinawabaya.

"Marlys," ananong'ona.

"Ine sindinatchule."

"Ndiye dzulo lonse lija ndikukutukwanani patebulo, iye n'kumangoti, ‘Zoona, Delbert, anthu ena alibe manyazi’..."

"Za patebulo panu sindinaliko."

Mwadzidzidzi a Delbert anadzambatuka, nkhope itawalanso.

"Dikirani! Lamulo likuletsa ine kubwereka. Silikuletsa ine kusema!"

"Silikuletsa."

"Ndipo Marlys sanaletsedwe!"

"Kasitomala ameneyo mbiri yake ndi yoyera."

"Ndiye basi! Wabwereka ndi iye, wosema ndine, Loweruka nkhosa ilira! Orval, ndinu munthu wa Mulungu! Bweretsani kuno ndimutengere, ndikupita komweko."

A Orval anachotsa kachubu kaja pamsomali. A Delbert anatambasula dzanja. Panja galimoto inaima, hutala n'kulira kawiri, kulira kumene a Delbert akanakuzindikira ngakhale ali m'manda. A Orval anawalambalala ndi kachubu kaja n'kulunjika kuchitseko.

"Abwera okha. Anati ndisakutumeni. Akuti katundu mumafikitsa ndithu, koma mumatenga chaka."