Manja Kumbuyo, Mayi Velichka

Akulu a chipatala, Dokotala Paskalev, madokotala, anamwino, anzanga a ku mafizo, ndi inu a banja la mayi Velichka Doneva, ndakupatsani moni nonse. Ine ndine Rumen, ndipo lero tikutsanzikana ndi mayi Velichka, amene akupuma pa ntchito. Mayiwa anayamba kundikalipira ndikadali ndi tsitsi.

Wodi yathu mukuidziwa. Timalandira ovulala ubongo, wina wagwa padenga, wina wagundidwa ndi galimoto. Amatsitsimuka ataiwala dzina la mwana wawo. Supuni amangoiyang'ana. Tisanamizane, ambiri sabwerera mwakale.

Tsiku limene wodwala wawo woyamba anatuluka akuyenda yekha, mayi Velichka anamuthirira madzi kutsogolo, monga timachitira munthu akamayamba ulendo kuti zimuyendere. Koma abale, anathira mkati, pa simenti yoterera! Wodwalayo anadutsa bwinobwino. Amene anagwa chagada ndi dokotala wamkulu wa nthawiyo. N'chifukwa chake lero tasonkhana panja.

Nanga manja awo? Nthawi zonse kumbuyo. Munthu akulimbana ndi batani la malaya, thukuta kamukamu, mayi ake akulira, mayi Velichka amvekere: "Mayi, manja kumbuyo! Mukamumangira lero, mudzamumangira mpaka kumanda." Atukwanidwa mayiwa. Wina anawagenda ndi mbale ya supu. Anthu ankati alibe chisoni, koma ife oima kumbuyo kwawo tinkaona mmene ankadzifinyira zala.

Chaka chatha amuna awo, bambo Lazar, anagwa pamakwerero akuthyola mphesa. Anagonekedwa muno momwe. Bambowo sanawazindikire akazi awo, ankangowaitana kuti "anesi". Tsiku lina ndinapeza mayi Velichka akuwadyetsa ndi supuni. Ndinati, "Mayi, manja." Anati, "Rumen, choka apa." Kenako anaika supuni ija patebulo, n'kukalira m'chipinda cha matawulo.

Ndiye mayi Velichka, sindinganene kuti mukukapuma. Mukupita kunyumba ndi wodwala mmodzi, ndipo palibe akudziwa ngati adzakukumbukireni. Zikundiwawa, mayi. Zikomo. M'tauni muno muli anthu ambiri amene amadzimangira okha mabatani chifukwa cha nkhanza zanuzo. Mukapezeko tulo, ngakhale pang'ono.

Tsopano mayi, ndinu amene mukuyamba ulendo. Bambo Lazar, kapu ya madzi ija nayi. Takhala tikuyeserera mobisa. Anzanga, dzanja linjenjemera, mwina kapu isweka. Aliyense manja kumbuyo. Inunso mayi Velichka, ndikukuonani! Dokotala Paskalev, sunthani pang'ono, mbiri ija mwaimva.

Eya, bambo. Pang'onopang'ono. Pendeketsani. Athira!

Akumbuyo simunamve. Bambo Lazar akuti, "Muyende bwino, anesi."

Dzina silinabwerebe. Koma madziwo athira okha, popanda wowagwira dzanja. Mayi, pondani, dutsani. Enanu manja aja atulutseni tsopano, tiwaombere m'manja awiriwa.