Aphunzitsi a ku Kachitsa

Pa siteji ya minibasi ku Nsungwi, bambo wina wa chikwama chachikulu anayamba kucheza ndi mayi amene anakhalira thumba la kachewere.

"Amayi, kachewereyu ndi wa kuti?"

"Wa kwathu ku Kachitsa, kuseri kwa mapiri a ku Dedza."

"Mayo ine! N'komwe anditumiza kukaphunzitsa. Akuti kulibe magetsi?"

"Kulibe. Netiweki timaipeza pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Mvula ikagwa, galimoto zimathera kutsidya kwa mtsinje. Koma madimba athu sauma: kabichi, nyemba, kachewere, chaka chonse. Zogula pamulu ngati kuno sitizidziwa, timapatsana m'lichero."

"Ine chaka chimodzi basi, ndikapempha kuti andisamutse."

"Anateronso aphunzitsi ena ochokera ku Kawale. Tsiku lililonse ankakwera pachulu paja kukadandaula pafoni."

"Ndiye anawasamutsa?"

"Anasamukira kuchikamwini! Zaka khumi tsopano, ndipo mizere yawo ndi yowongoka kuposa ya eni mudzi."

"Mukuwadziwa bwino chonchi?"

"Thumbali andisenzetsa ndi iwowo m'mawa uno, ndi bambo a ana anga. Nanga inu, Abambo, munakwatira? Mng'ono wanga ali ndi dimba lalikulu kuposa langa."