Chidindo cha Chala Chimene Sichinali Changa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri mumandidziwa. Ndine Limbani, uja amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, wofika nyimbo yoyamba itatha kale. Lero ndaima kutsogolo. Mtima uli m'malo.

Ndinali wakuba. Ndikuona ena mukuyang'ana jekete langali n'kumadzifunsa kuti ameneyu anaba chiyani. Sindinathyole nyumba ya munthu. Sindinapisepo m'thumba mwa wina m'matatu, maminibasi athu a kuno aja. Ndinkaba zidole.

Sekani, palibe mlandu. Nanenso ndinkaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandigoneka tulo.

Ndinabwera kuno ku Nairobi kudzaphunzira zojambula. Nditamaliza ndinapeza ntchito, ndinakwatira, tinakhazikika ku Umoja. Mumzinda muno muli gulu la anthu akuluakulu, ena aimvi ndithu, amene amasonkhanitsa tizidole ta ngwazi ndi ankhondo, totalika ngati chikhatho. Si toseweretsa ana ayi. Amatiika m'kabati yagalasi n'kumatipukuta fumbi ndi kaburashi. Ine ndinalowa gulu limeneli. Tinkacheza pafoni tsiku ndi tsiku, ndipo Loweruka limodzi pamwezi tinkakumana kukaonetsana zimene tapeza.

M'gulumo ndinkadzimva. Diso ndinali nalo lakuthwa. Wina akafuna kugula chidole ankayamba wanditumizira chithunzi kuti ndimuuze ngati n'chenicheni. Matama anandikwera mpaka m'khosi. Kutchalitchi ndinkabwera, inde, koma Mulungu ndinkamuona ngati mlendo amene timamupatsa moni Lamlungu basi.

Tsono m'gulu lathulo munali bambo wina wachikulire, a Mutua, a ku Kawangware. Iwo sankangogula ngati ifeyo. Ankaumba okha ndi manja, m'kachipinda kamalata kuseri kwa msika. Sankatengera kwa wina aliyense. Anthu awo ankawatenga mumsewu momwemu. Chaka chimenecho anaumba kondakitala wa matatu ataima ngati msilikali, chitseko cha galimoto chili chishango chake. Anachiumba miyezi itatu. Mukanachiona, abale, ngakhale makwinya a malaya ake ankaoneka ngati mphepo ikuwomba.

A Mutua anali ndi mwambo wawo. Chidole chilichonse ankapanga khumi zokha, osapitirira. Pansi pa chilichonse ankamata kadongo kouma msanga, n'kudindapo chala chawo chachikulu, kenako n'kulemba nambala ndi singano. Limenelo linali lonjezo lawo kwa ogula: zilipo khumi, ndipo chanu ndi chimodzi mwa izo. Anthu ankalipira mokondwa chifukwa cha lonjezo limeneli, ndipo banja lawo linkadya pomwepo.

Lamulo la gulu aliyense ankalidziwa. Chidole ukagula, n'chako. Ukafuna kuchigulitsa kwa wina, ngakhale pamtengo wokwera, gulitsa. Koma kutenga ntchito ya mnzako n'kuipangira chikombole kuti uzitulutsa zina, kumeneko n'kuba.

Ine ndinagula nambala seveni. Pondipatsa anatembenuza chidolecho n'kuseka.

“Pole, ndugu,” anatero m'Chiswahili, kutanthauza kuti pepa m'bale. “Apa chala chinanditerereka pang'ono. Ukhululuke.”

Ndinayang'ana mwachidule, ndinati palibe kanthu, n'kuiwala.

Patapita milungu iwiri, anthu amene anachedwa kugula anayamba kudandaula pagulu. Aliyense ankafuna kondakitala, koma khumi zija zinali zitatha. Pamenepo m'pamene maganizo oipa anandilowa, ndipo sanalowe ndi phokoso. Anabwera mwaulemu ngati mlendo wodziwa kuodira.

Ndinagula silikoni, mphira wamadzi uja amene akauma amatenga maonekedwe onse a chinthu. Ndinamiza nambala seveni wanga mmenemo, ndipo chikombole chinatuluka bwinobwino. Ndinathiramo rezini, pulasitiki wamadzi amene amauma gwa, chidole chinatuluka. Ndinachipenta mosamala, ndinafufuta seveni uja n'kulembapo nambala ina. Chidindo cha chala sindinachikhudze. Ndinasangalala kuti chatuluka chokha, chifukwa ndicho chinkachititsa anthu kukhulupirira.

Ndinapanga zisanu ndi zitatu. Ndinkagulitsa pa nambala ina ya foni, ndi dzina lopeka, n'kumanama kuti mwini wake akusamuka. Katunduyo ankapita ndi bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, nkhope yanga osaoneka.

Zifukwa ndinali nazo zodzaza thumba. Ndinagula ndi ndalama zanga, ndiye n'changa. A Mutua sindinawalande kanthu m'manja. Anthu akufuna, iwo sakupanga, ndiye ine ndikungothandiza. Komanso n'zidole chabe. Kodi Mulungu wa kumwamba angataye nthawi ndi zidole?

Mayi akunyumba anamva fungo la rezini pakhonde, anaona zidole zofanana zitandandalikana.

“Bambo a Tadala, kodi a Mutua akudziwa zimenezi?”

Ndinayankha kuti zinthu zimenezi sangazimvetse. Koma ndinazindikira pambuyo pake kuti kuyambira tsiku limenelo ankanditchula m'pemphero m'mawa uliwonse.

Tsiku lina anthu awiri anaika zithunzi pagulu, aliyense akunyadira kondakitala wake. Onse awiri anali ndi nambala folo. Anthu anayamba kutembenuza zidole zawo n'kujambula pansi. Anawerenga, zinapitirira khumi. Ndipo pa chilichonse panali chala cha a Mutua.

Palibe anaganiza za wakuba. Onse anati nkhalambayo ndi yabodza, imalonjeza khumi kenako n'kumapanga zina mobisa. Chala chake si ichi? Mawu amene analembedwa pagulupo sindingawabwereze m'nyumba ya Mulungu. Amene anaitanitsa ntchito yatsopano anabweza mawu. Anagwirizana kuti Loweruka likudzalo awachotse m'gulu ndi kuchenjeza ogula onse kuti asadzagulenso kwa iwo.

Mukudziwa chimene ine ndinalemba? Ndinati, tiyeni tidekhe abale, tisaweruze msanga. Anthu anandiyamikira kuti ndine wanzeru. Mwa zonse zimene ndinachita, chimenechi ndicho chimandichititsa manyazi koposa.

Lachinayi a Mutua anandiimbira kuti ndikawaone. Ndinakwera matatu nditaweruka. Ndinawapeza atakhala pampando, tebulo lawo lili lopanda kanthu. Dongo linali litauma m'beseni. Munthu amene manja ake sankakhala chete anali atangowaika pamaondo.

Anandithirira tiyi, ndipo tisanamwe anapemphera. Sanapemphere kuti wowalakwirayo alangidwe. Anati Mulungu amuchitire chifundo, chifukwa manja anamupatsa abwino, kungoti sakudziwa chochita nawo. Ine ndinavomera kuti ameni.

“Ndugu Limbani,” anatero, “anthu aja iwe amakumvera. Loweruka udzaime, udzanene zoona zimene ukudziwa. Sindikupempha china.”

Ndinati sawa, chabwino. Ndinatuluka ngati munthu wothawa moto.

Lachisanu sindinapite kuntchito. Ndinali nditakonza kale pulani: kutaya chikombole kudzala, kenako Loweruka kukayankhula mawu okoma osanena kanthu. Ndinachitulutsa pansi pa bedi kuti ndichikulunge m'pepala. Ndikuchitsegula, ndinaona pansi pake mizere ya chala cha a Mutua, yonse, ngakhale kachipsera ka mpeni kamene ali nako. Sindikudziwa chinandichititsa n'chiyani, koma ndinaika chala changa pamenepo.

Sichinagwirizane. Mizere yanga inkapita kwina, yawo kwina.

Abale, ndinakhala pansi pa simenti. Kwa nthawi yoyamba ndinaona chimene ndinaba. Sichinali chidole. Mulungu amene anatiumba anapatsa munthu aliyense chala chakechake, ndipo bambo uja anatenga chake n'kuchiika kukhala chikole cha mawu ake. Ine ndinatenga chala chimenecho n'kumasainira bodza langa. Ndinanamiza anthu ndi dzanja la munthu wosalakwa, ndipo mawa lake ankakamuchotsera chakudya pakamwa chifukwa cha ine.

Ndinalira ngati mwana. Mayi akunyumba anandipeza momwemo. Sananene kuti ndinakuuzani. Anagwada pambali panga, tinapemphera. Ine ndinalibe mawu ambiri. Ndinangoti, Ambuye Yesu, ndine wakuba ndi wabodza, ndikhululukireni, ndipo mundipatse miyendo yokafikira mawa. Mantha sanachoke. Koma katundu amene anali pachifuwa miyezi yonse ija anatsika, ndipo ndinadziwa kuti ndamvedwa.

Loweruka tinakumana pamalo athu anthawi zonse. Anthu anabwera ndi zidole zawo n'kuziika patebulo ngati umboni. A Mutua anakhala pakona, chipewa chili m'manja. Wotsogolera atandipatsa mpata, ndinaima, ndinatsegula chikwama, n'kuika chikombole pakati pa zidolezo.

Ndinanena zonse. Silikoni, nambala yabodza ya foni, dzina lopeka, bodaboda, zonse. Ndinati a Mutua anapanga khumi monga analonjezera, ndipo zinazo zinachokera pakhonde panga.

Kenako bambo wina amene anagula ziwiri anaimirira n'kunditchula kuti mwizi, kutanthauza wakuba, ndipo sanalakwe. Anzanga anandichotsa m'gulu tsiku lomwelo. Anandiuza kuti aliyense amene ndinamunamiza ndimubwezere zake, ndipo ndinabweza.

Anthu akukangana choncho, a Mutua anadzuka mwakachetechete. Anayamba kutembenuza zidole zija chimodzichimodzi, n'kupatula zanga zonse popanda kundifunsa. Sanaphonye ngakhale chimodzi. Anandikodola kuti ndiyandikire.

“Taona apa,” anatero.

Pa zonse zisanu ndi zitatu chidindo chinali chokhotera mbali imodzi, pamalo amodzimodzi. Chala choterereka chija. Nambala seveni.

“Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe ndinaona zithunzi,” anatero. “Chala changa chinaterereka kamodzi kokha, pa chako.”

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere, anthu akuwatukwana masiku onse aja.

“Lero ndikanawaonetsa ndithu, ndili ndi ana oti adye. Koma ndikanayamba ine, dzina langa likanayera, iwe n'kutsala momwe unalili. Ndiye ndinapempha Mulungu kuti uyambe ndiwe.”

Abale anga, munthu ameneyu anandithirira tiyi akudziwa. Anandipempherera ndili pamaso pake akudziwa. Anasenza manyazi anga masiku onse aja kuti ine ndipeze khomo lotulukira. Ulaliki wa mtanda ndaumva kuyambira ndili mwana ku Ntcheu, koma ndinaumvetsa tsiku limenelo, pa tebulo lodzaza zidole.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Ogula ena sanabwererenso kwa a Mutua, chifukwa mbiri yoipa inafika kutali kumene kupepesa kwanga sikunafike. Chimenecho ndi chilonda chimene ndinawasiyira, ndipo ndimachikumbukira. Kukhululukidwa sikunafufute zimenezo.

Chikombole chija a Mutua anandipatsa mpeni kuti ndichidule ndekha, ndipo ndinachidula. Nditamaliza anandikankhira beseni la dongo.

“Manja uli nawo. Loweruka uzibwera, uphunzire kuumba zako.”

Ndakhala ndikupita. Kukopera kunkanditengera tsiku limodzi, koma kuumba khutu lokha kwanditengera mwezi. Tsopano ndikudziwa kulemera kwa miyezi itatu imene ndinaba.

Ichi ndanyamulachi ndicho choyamba changa. Ndi mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Mayi akunyumba akuti nkhope yake ikufanana ndi mbatata, ndipo a Mutua sanatsutse. Palibe angachigule. Koma tembenuzani muone pansi pake. Chala chimenecho n'changa. Ndinachidinda, ndipo nachonso chinaterereka.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ndinkamuyesa wosaona zazing'ono. Ndikuthokoza Yesu amene anandidikira monga anandidikira bambo uja, akudziwa zonse. Ndikuthokoza chifukwa cha mkazi amene anasankha kupemphera m'malo mokangana nane. Ndinataya gulu, ndinataya ulemu umene ndinkaunyadira, koma ndimayenda mutu uli mmwamba, ndipo foni ikalira sindidzidzimukanso.

Mwina pano pali wina amene ali ndi chikombole chake pansi pa bedi. Mwina si cha zidole. Mwina ndi ntchito ya mnzanu ya kusukulu imene munalembapo dzina lanu, kapena lipoti la kuofesi limene wina anakhetsera thukuta inu n'kulandira kuwomba m'manja. Mwina pali munthu amene akunenedwa lero chifukwa inu mwakhala chete.

Musaganize kuti simunadziwike. Amene anakuumbani amadziwa pamene chala chinaterereka, ndipo anaona tsiku loyamba lomwe. Sanakuyalutseni chifukwa akufuna muyambe ndinu.

Bwerani lero, Loweruka lanu lisanafike. Ine ndinabwera ndi chikombole m'chikwama, ndipo anandilandira. Dzina la Ambuye litamandike. Ameni.