Dzina Limodzi Lotsala

Itangodutsa folo koloko, pa tsiku lomaliza lopereka mapepala, Mayi Verna Kessler anaimika galimoto pakhomo pa Bambo Orlin Haugen, mkulu amene anakalambira pa ntchito yoyeza malire a minda. Mayiwa anaphikira ana pasukulu ya ku Otter Bend zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankafuna kupikisana kachitatu pa mpando wa m'komiti yoyendetsa sukulu. Koma pa anthu makumi awiri oyenera kuwasainira, mlembi wa ku ofesi ya zisankho anali atafufuta mmodzi yemwe anasamuka, ndipo ofesi inkatsekedwa faifi koloko.

Pakhomo pamenepa a Verna anapazemba milungu itatu yonse. Lero panalibe kochitira. Anapeza mwini nyumba m'galaja, atagwada, akumasula makina okankhira chipale chofewa.

"A Orlin, mwaswera? Sindikuchedwetsani. Mphindi ziwiri zokha."

A Orlin anakweza mkono wa jekete n'kuyang'ana wotchi. "Yambani."

"Aaa, musachite kuwerenga! Ndi kayankhulidwe chabe."

"Masekondi khumi apita."

A Verna anatambasula mapepala pamwamba pa bokosi la zitsulo. "Mungandisainire apa?"

"Ndingathe. Dzanja langa lili bwinobwino."

"Eya, sainanitu."

"Ndikusainira chiyani?"

"Kuti ndiime."

"Mwaima kale. Ngati mwatopa, mpando uwo."

"Mpando umene ndikufuna ndi wa m'komiti ya sukulu, bambo!"

"Ija ndi yapulasitiki. Ndinakhalirapo chaka chatha, msana unandipweteka masiku atatu. Wangawu ndi wathabwa."

A Verna anapumira m'mwamba. Anatulutsa kapepala kawo kokopera anthu, kokhala ndi chithunzi chawo akumwetulira, n'kuwapatsa m'manja, poganiza kuti mwina zolembedwa ziyenda msanga kuposa zapakamwa. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. A Orlin anapukuta manja, kuvala magalasi, n'kusolola pensulo kukhutu.

"Apa mwalemba kuti munadyetsa tauni yonse ino."

"Ndi zoona."

"Ine simunandidyetsepo."

"Nanga ana anu atatu, ankawapakulira makaroni ndani?"

"Awiri. Kristin ankanyamula chakudya cha kunyumba. Ndinkamukonzera ndekha, buledi ndi nsomba ya m'chitini."

"Ha! Buledi wanuyo ankadya ndi mbalame za kuseri kwa sukulu. Kristin ankabwera kwa ine ndi mbale, ena onse atadya, n'kumati musakawauze adadi."

A Orlin anaphethira. Kenako analemba kenakake pambali pa kapepalako. "Ndiye atatu. Komabe si tauni yonse."

"Chabwino, theka la tauni. Sainani."

"Theka ndi anthu mazana asanu ndi anayi. Munawawerenga?"

"Ndinkawerenga mbale, bambo, osati mitu!"

"Oho. Ndiye tilembe kuti mbale." Pensulo inayendanso. "Apanso mwati muli ndi luso pa zisankho. Paja munagonja kawiri."

"Sindinagonje. Mavoti ndi amene anachepa."

"Ulendo woyamba anachepa ndi zana limodzi ndi khumi ndi awiri."

"Unali ulendo woyamba, anthu ankandidziwa nditavala chipewa chophikira. Nditavula sanandizindikire."

"Wachiwiri anachepa ndi asanu ndi anayi."

"Mwaonatu! Ndikuyandikira."

A Orlin anachita kasamu pakhoma la galaja. "Zikayenda chimodzimodzi, ulendo uno mupambana ndi makumi asanu ndi anayi ndi anayi."

"Eyaa! Mwayankhula ngati munthu tsopano!"

"Koma amenewo ndi masamu. Masamu savota."

Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala theka la ola. Kuchoka pamenepo kukafika ku ofesi kunali mphindi khumi, msewu ukakhala wosaterera. A Verna anayamba kumva thukuta m'kati mwa jekete, kunja kukuzizira chotero.

"A Orlin, ndakupemphani. Werengani zimene ndikufuna kuchita, zili m'munsimo. Zitatu zokha."

"Choyamba: kadzutsa kwa mwana aliyense. Aliyense?"

"Aliyense."

"Nanga amene wadya kale kwawo?"

"Adyenso!"

"Akakana?"

"Palibe mwana amakana mazira anga."

"Ndiye mudzawakakamiza."

"Iii, koma abale! Tamverani." A Verna anatsitsa mawu. "Inu munkayeza minda, ine ndinkaona ana Lolemba m'mawa. Alipo amene ankadya osadzutsa mutu, buledi wotsala n'kubisa m'thumba kuti akapatse mng'ono wake. Tikawafunsa maina makolo awo, tikawalembetsa pamndandanda wa osowa, ana aja sabweranso chifukwa cha manyazi. Ndiye ndikuti aliyense. Wokhuta ndi wanjala akhale tebulo limodzi, wina asadziwe za mnzake."

A Orlin anabwezera pensulo kukhutu, ndipo mtima wa a Verna unati myaa.

"Chimenecho sindisintha," anatero mkuluyo. Kenako pensulo ija inatsikanso. "Chachiwiri: mabasi ofunda. Ofunda bwanji?"

"Ofunda basi! Oti mwana asafike kusukulu zala zitauma."

"Madigiri angati?"

"Amene inu mungakonde!"

"Ine sindikwera basi ya sukulu."

"Ambuye, ndigwireni dzanja. Chachitatu, werengani chachitatu!"

"Pofika giredi yachitatu mwana azitha kuwerenga chilichonse. Chilichonse, mayi? Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, koma zimene amalemba dokotala wanga sinditha kuwerenga."

"Mabuku, a Orlin! Mabuku!"

"Simunalembe choncho. Ndipo apa pamapeto mwati simudzagona tulo mpaka zonsezi zitatheka."

"Ndithu sindidzagona!"

"Tsiku lachinayi mudzagwa. Munthu wosagona angayendetse sukulu?"

"Ndidzagona! Ndidzagona maola asanu ndi atatu, ndi masana omwe ngati mukufuna! Lembani zimenezo, kenako musaine!"

Anawakankhira cholembera pachifuwa. A Orlin anachilandira mwaulemu, n'kunyamula mapepala aja. Anawerenga tsamba loyamba, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anatembenuza lachiwiri. Kenako anabweza cholembera.

"Sindingasaine."

"Mwati chiyani?"

"Sindingasaine. Kungakhale kulakwira lamulo."

"Pambuyo pa zonsezi? Ndakupatsani theka la tauni, ndakupatsani tulo tanga, mukufunanso chiyani?"

"Tsamba lachiwiri, mzere wachisanu ndi chiwiri."

A Verna anasuzumira. Pamenepo, m'zilembo zowongoka ngati za makina, panalembedwa kuti O. T. Haugen, ndi nambala ya nyumba yomwe anaimamoyi.

"Munasaina kale?!"

"Milungu iwiri yapitayo. Amuna anu a Dale anabwera nalo pepalali kometetsa tsitsi. Munthu sasaina kawiri."

"Nanga bwanji osanena poyamba pomwe?"

"Munandifunsa ngati ndingasaine. Simunandifunse ngati ndinasaina."

"Ndiye mafunso onsewa anali a chiyani?"

"Tsiku lija sindinafunse. Wometa anali atandiika lumo pakhosi."

A Verna anadzigwetsa pampando wathabwa uja. Kunatsala mphindi makumi awiri. Anayamba kuwerenga nyumba za mumsewuwo ndi zala: a Lindqvist anali kuntchito, a Brandt anasainira kale wopikisana ndi a Verna, nyumba yapakona munalibe munthu chichokere atchuthi. Zikwangwani mazana awiri zinali zitasindikizidwa kale, zili m'chipinda chapansi kunyumba. Azimayi a kukhitchini ya sukulu anali atalonjeza kuyenda nawo khomo ndi khomo. Akawauza chiyani mawa?

"Basi, zathera pompa," anatero. "Dzina limodzi lokha, abale inu."

A Orlin anali akuwerengabe mapepala aja, milomo ikugwedera. Anafika pamapeto, n'kubwereranso poyamba.

"Mayi, nditafunsako kamodzi."

"Ayi. Mafunso akwana."

"Mumakhala m'tauni muno?"

"A Orlin, nyumba yanga munayeza malire ake ndinu!"

"Munalembetsa m'kaundula wa ovota?"

"Chiyambire muli ndi tsitsi!"

"Ndiye ndikudabwa. A Dale Kessler alimo. Mwana wanu Renee alimo. Verna Kessler mulibe."

"Ine? Ine ndine wopikisana, ndingadzisainire ndekha?"

A Orlin anatembenuza pepala n'kuloza tizilembo tating'ono ta kuseri. "Aliyense wovota wokhala m'dera lino. Apa ndiye mawu akuti aliyense akutanthauzadi aliyense. Simunawerenge?"

A Verna anawerenga kawiri. Analumpha pampando ngati mtsikana, n'kutambasula dzanja kuti atenge cholembera pabokosi paja, koma mkulu uja anafulumira kuchitenga n'kuchikwezera m'mwamba.

"Musathamange. Kusainira munthu si masewera. Mayi ameneyu mukumudziwa bwino? Ndamva kuti ndi wamakani, samva za mnzake, ndipo mapepala ake omwe sawerenga."

A Verna anachitsomphola cholemberacho, kusaina dzina lalikulu lodutsa mizere iwiri, n'kukumbatira mapepala awo akuthamangira kugalimoto. Atatsegula chitseko anatembenuka.

"Nanenso ndinkamukayikira, a Orlin. Koma munthu amene wakupirirani inuyo mphindi makumi anayi osakugendani ndi sipanala, komiti ya sukulu singamuvute."